Tangodzaona Miyala

Kwathu munthu sankayenda ulendo wautali popanda chifukwa. M'zaka za Chitaganya, msewu waukulu wochokera ku Lusaka udakali wafumbi, aliyense wodutsa pa Sinda ndi njinga ankadziwika chomwe akuyendera: uyu akupita kuchipatala, uyu akukagula mchere kwa Amwenye ku Katete, uyu waitanidwa kubwalo la milandu, awiri awo anyamula uthenga wa maliro. Zifukwa zinali zowerengeka ndipo anthu ankazidziwa zonse. Amalume anga ndiwo anabweretsa chifukwa china chimene chinalibe ngakhale dzina.

Iwo anali msilikali pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo chakumapeto kwake gulu lawo linatumizidwa ku Palestina kukalondera nyumba zosungiramo katundu. Za nkhondo sankanena zambiri. Chimene ankabwerezabwereza chinali chimodzi. Asilikali achizungu akapatsidwa tchuthi ankabwereka njinga nkumakwera nazo mapiri, dzuwa likuswa mtengo, kukaona mabwinja a Aroma. Tsiku lina anawatenga amalume kuti aziwamatira matayala panjira, nawonso anakaona: nsanamira zamiyala zopanda denga, makwerero osafika kulikonse, abuluzi, mitengo ya azitona, ndi nyanja ikung'anima chapatali. Azungu aja anafika, anayang'ana, anadya buledi wawo, nkubwerera.

"Osagula kanthu, osagulitsa kanthu, mbale wawo kulibe," ankatero amalume. "Kungoona basi. Ndinkati ndi misala. Koma mphwanga, ndinabwerako mtima uli myaa."

Nthawi imeneyo ndinali mtolankhani wamng'ono pa nyuzipepala ya Chinyanja ku Lusaka, ndipo ndinabwera kumudzi pa tchuthi mwezi wa Okutobala. Amalume anali mlimi wa mtedza, wa pulawo ndi ng'ombe zake, komanso mkulu wa mpingo. Minda inali yokonzeka, mbewu zili m'nkhokwe, aliyense akungoyang'ana kumwamba. Ndi mwezi umene mlimi alibe chochita, ndiponso mwezi umene munthu wanzeru sachoka pamthunzi.

"Nafenso mabwinja tili nawo," anandiuza. "Kuphiri la kwathu kuli linga lamiyala limene makolo anamanga pothawa Angoni. Kuli ng'anjo zosungunulira chitsulo. Iwe umalemba za anthu a ku Lusaka okhaokha. Popa njinga."

Kwathu kumene ankanenako ndi mudzi umene iwo ndi amayi anga anabadwira, kupitirira Vubwi, kufupi ndi malire a Nyasaland ndi a Apwitikizi. Amayi anali kusenda mtedza pakhonde, ndipo sanadzutse nkomwe mutu.

"Miyala?" anatero. "Alongo, mungonena kuti mwawasowa akulu anu."

"Ndanena miyala."

"Chabwino. Mukaipatse moni miyalayo."

Nkhani yake inali iyi. Kumudziko kunatsala mkulu wawo, amene ine ndimawatcha amayi aakulu. Agogo atamwalira amalume anapita kukaika maliro, koma chaka chotsatira, pa mwambo wa bona wokumbukira malemuwo, anakana kupita chifukwa kunali mowa ndi gule, zimene mkulu wa mpingo saloledwa kukhalapo. Anangotuma munthu kukanena. Amayi aakulu anabweza yankho ndi munthu yemweyo: mukamuuze kuti phazi lake lisadzapondenso pano, pokhapokha akadzabwera kudzandiuza kuti wina wamwalira. Panapita zaka zingapo osaonana, osatumizirana ngakhale moni. Chowalumikiza chinatsala chimodzi. Mwana wamkazi wa amayi aakulu, mlongo wanga, anakulira kwa amalume, amene anamutenga kuti aphunzire, ndipo tsopano ankaphunzira unamwino pa chipatala cha mishoni kufupi ndi Katete. Choncho ponyamuka tonse tinkadziwa kuti phirilo silingatikane. Funso linali lakuti amayi aakulu akawapatsa madzi amalume kapena akawabweza pamphambano.

Njinga zathu zinali zakuda, zolemera, zopanda magiya, za mabuleki a ndodo. Pakaliyala tinamangapo bulangete, pampu, sipanala, sulushoni womatira, zigamba zodula ku chubu chakale, mbatata yootcha ndi mtedza wokazinga. Amalume anapachika pahandulo botolo lawo la kunkhondo, lokutidwa ndi nsalu yokhuthala imene ukainyowetsa madzi amakhala ozizira. Anavala chipewa chawo chachisilikali chopindika mbali imodzi. Ine ndinavala nsapato za m'tauni, ndipo zinandilanga.

Msewu waukulu unali ndi timizere ngati malata, togwedeza mano. Opalasa njinga ankayenda m'mphepete, pa kanjira kosalala kamene matayala a anzawo anapanga. Lole ikadutsa tinkaima, kutembenuka, nkudikira fumbi likhale pansi. Tinkanyamuka kusanache bwino, kupalasa mpaka dzuwa litafika pamutu, kenako kubisala pansi pa mtengo mpaka litapendeka. M'mawa njinga imathamanga yokha. Masana chishalo chimatentha ngati chiwaya, sulushoni amasungunuka, ndipo zigamba zakale zimayamba kumatuka chimodzichimodzi.

Funso linayamba pa chitsime choyamba. Mayi wina wolankhula Chinsenga anatipatsa madzi, anayang'ana mabulangete, anayang'ana nkhope zathu, nkutsitsa mawu.

"Kwagwanji?"

"Kulibe chagwa, mayi. Tikungoyenda."

"Kuli odwala?"

"Onse ali bwino. Tikukaona miyala kumapiri a ku Vubwi."

Mayiyo analandira chikho chake. Tikukwera njinga ndinamumva akuuza mnzake kuti anthu ena maliro amabisa.

Ku Katete tinapatukira kuchipatala. Mlongo wanga anatuluka ndi yunifolomu yake yoyera, wonenepa bwino, akuseka. Atamva kumene tikupita anasiya kuseka, anawayang'ana amalume nthawi yaitali, nkuthamangira kogona kwawo. Anabwera ndi mitanda ya sopo, duku latsopano ndi kabotolo ka mafuta odzola, zonse atazikulunga m'chitenje chake chakale chamadontho ofiira, chimene amayi ake anamupatsa pochoka kumudzi. Amalume anamanga phukusilo pamwamba pa bulangete, poonekera. Palibe mwa ife atatu amene anaganizapo kawiri.

Kuchoka apo tinasiya msewu waukulu, mapiri a Mphangwe tinawasiya kumbuyo, nkulowa njira ya ku Chadiza. Dziko la kumeneko silikhala phee. Ukatsika chitunda umapeza mtsinje wouma wa mchenga wokhawokha, ukawoloka mtsinjewo ukukankha njinga, nkuyamba chitunda china. Tchire linali litapsa, pansi pali bii, koma mitengo ya mombo inali itaphuka masamba atsopano, ofiira ndi obiriwira, ngati mvula yagwa kale. Nyenje zinkalira mosapumira, mpaka phokoso lake limakhala ngati likuchokera m'mutu mwako momwe. Amalume anati nyenje za ku Palestina zimalira chimodzimodzi, ndipo zinaoneka kuti zimenezi zinawasangalatsa kwambiri. Madzi tinkafukula mumchenga. Umakumba ndi manja pamene mtsinje wakhota, kudikira kuti matope akhale pansi, nkumatunga pang'onopang'ono ndi chivundikiro cha botolo.

Midzi ya m'njira inatilandira bwino, monga mwa nthawi imeneyo: mphasa pabwalo, thobwa, ndi funso lomwe lija. Amalume anayesa mayankho osiyanasiyana. Akati tikuwongola miyendo, anthu ankaseka, poti munthu amawongola miyendo kuzungulira mudzi, osati kudutsa maboma awiri. Akati tikukacheza, ankafunsidwa kuti kwa yani, ndipo dzina la mkulu wawo silinkatuluka pakamwa pawo. Pamapeto ankabwerera ku miyala.

Chakufupi ndi Chadiza kapaso, mesenjala wa mfumu, anatiimitsa. Masiku amenewo amuna awiri oyenda panjinga popanda chifukwa chomveka ankaganiziridwa kuti akufalitsa ndale.

"Madala, mwanyamula makadi a chipani?"

"Tanyamula sopo."

"Nanga mukupita kuti?"

"Kukaona miyala."

"Ndinu a migodi?"

"Ayi. Kungoiona basi."

"Mukaiona ndiye mutani?"

"Tibwerere."

Kapasoyo anamasula mabulangete, ananunkhiza sulushoni, anawerenga chidindo cha pa sopo. Kenako anayang'ana chipewa cha amalume nkugwedeza mutu mwachisoni. "Pitani, madala. Nkhondo ija inawononga anthu ambiri."

Tsiku lomaliza ndilo linali loipa. Kupitirira Vubwi msewu unasanduka kanjira ka miyala kokwera pakati pa mapiri. Mitsinje iwiri tinakumba osapeza kanthu. Botolo linauma dzuwa lisanafike pamutu. Kenako tcheni cha njinga ya amalume chinaduka pachitunda, ndipo kachitsulo kolumikizira kanagwera m'phulusa la tchire, sitinakaonenso. Mudzi unali pafupi, phiri lake tikuliona, choncho sitinapume masana monga tinkachitira. Tinakankha. Nsapato zanga zinali zitanditupitsa matuza, moti ndinkayenda monyang'ama, mutu uli pansi. Amalume anasiya kulankhula kalekale, mwina chifukwa cha ludzu, mwina chifukwa cha zimene zinali kutsogolo.

Apa ndifotokoze mmene a uthenga wa maliro ankafikira pamudzi kumeneko. Ankayenda awiri, poti uthenga wotere sanyamula munthu mmodzi. Sankasankha nthawi, ankafika ngakhale masana dzuwa lili pamutu, pamene mlendo wamba amadikira kuti kuzizire. Ankatsika panjinga asanalowe m'mudzi nkumakankha. Sankakuwa odi, sankapatsa moni ana. Ankakhala pansi patali pang'ono ndi nyumba, kuvula zipewa, nkudikira kuti munthu wamkulu abwere kudzawafunsa. Ngati womwalirayo wafera kutali, ankabweretsa chovala chake.

Ife tinafika awiri, masana, tikukankha njinga. Odi sanatuluke chifukwa kukhosi kunali gwa. Amalume sanalimbe mtima kufika pakhomo pa mkulu wawo, choncho anakhala pansi pa mtengo wa mango umene unali chapatali, ine nkukhala pambali pawo nkuyamba kumasula nsapato. Anavula chipewa kuti apukute thukuta, nkuchigwira m'manja. Njinga yawo anaitsamiritsa pamtengo, chitenje chamadontho ofiira chikuyang'ana kunyumba.

Amayi aakulu anatuluka kuseri kwa nkhokwe atanyamula lichero. Anaona mlongo wawo amene anamuuza kuti adzabwere ndi uthenga umodzi wokha. Anaona chitenje. Lichero linagwa, chimanga nkumwazika, nkhuku nkuthamangirapo.

"Mayo ine! Mwana wanga ine! Mwandiphera mwana kusukulu kwanuko!"

Kulira kwa maliro kumayenda msanga kuposa njinga. Nyumba yoyandikana inalandira, ina nkulandira, ndipo tisanaimirire nkomwe amayi anali akubwera kuchokera mbali zonse, manja kumutu. Ena anawagwira amayi aakulu amene ankadzigwetsa pansi. Ndinakuwa kuti ayi, ayi, koma mawu anga anatuluka ngati a khwangwala, ndipo pamaliro munthu wokuwa kuti ayi sadabwitsa aliyense. Amalume anaimirira, anatambasula manja, anakhalanso pansi. Milomo yawo inkagwedezeka popanda mawu. Izinso anthu anaziona ngati chisoni.

Amuna a amayi aakulu, munthu wodekha, wa imvi, anabwera nkunjuta patsogolo pathu monga mwa mwambo.

"Pepani alamu, mwavutika ndi dzuwa. Tiuzeni. Watisiya liti?"

"Ndani?" anatero amalume.

"Mwanayu."

"Ali moyo. Tamusiya akuseka. Madzi, alamu."

"Nanga wamwalira ndani? Alongo anu a ku Sinda?"

"Ali moyo, akusenda mtedza."

"Akazi anu?"

"Palibe wamwalira!"

Bambowo anayang'ana njinga, chitenje, mapazi anga.

"Ndiye mwadzatani?"

Amalume anameza malovu amene panalibe. "Tangodzaona miyala."

"Miyala iti?"

"Ya kuphiriko."

Kuletsa maliro amene ayamba kale ndi ntchito yovuta kuposa kuwayambitsa. Bambowo anayenda gulu ndi gulu akukweza manja. Apa kulira kunkatha, uko kukupitirira, ndipo anthu a kumidzi yapafupi anali akufikabe, akuyamba kulira ali kumphambano. Ndinamasula phukusi lija nkuimika sopo ndi duku m'mwamba ngati wogulitsa pamsika, ndikunena kuti womwalira satumiza sopo. Anabweranso adzukulu, anthu a mudzi wina amene amagwira ntchito za pamaliro a banja lathu, amenenso ali ndi ufulu wotinyoza mmene angafunire. Wotsogolera anali mayi wamfupi, wamikono ngati mwamuna, atasenza mtolo wa nkhuni. Atamva nkhani yonse anaponya nkhunizo pamapazi pa amalume.

"Ndiye nkhunizi ndibwerere nazo? Iyayi. Tiike awa a mpingowa, aoneka kale ngati mtembo. Tangowaonani milomo. Inu, kwanu ku Sinda miyala inatha? Munaidya?"

"Ndi miyala ya makolo," anatero amalume.

"Makolo omwe aja munakana kudzawaphikira mowa? Lero mwawasowa? Akakugendani nayo miyalayo."

Anthu anaseka, ena misozi idakali m'masaya. Amayi aakulu sanaseke. Anali atakhala pansi, miyendo atatambasula, chitenje chija chili pamiyendo pawo, akuchisalaza ndi dzanja. Kenako anaimirira nkulowa m'nyumba. Maso onse anali pakhomopo, poti aliyense pamenepo ankadziwa mawu amene anatumizidwa ku Sinda zaka zija.

Anatuluka ndi chikho cha madzi nkundipatsa ine.

"Imwa, mwanawe. Iwe unangotengedwa."

Ndinamwa. Analandira chikho, anakatunganso, nabwera kudzaima patsogolo pa amalume.

"Awa a miyalawa akamwe miyala yawoyo."

Kenako anaika chikhocho pansi, pafumbi, osati m'manja mwawo, nkubwerera m'nyumba. Amalume anachitola ndi manja awiri.

Kuphiri tinakwera m'mawa mwake ndi alamu awo aja, njinga titasiya kwa munthu wina wosula makasu, amene analumikiza tcheni ndi msomali. Ndinene zimene tinaona. Linga lilipo. Ndi miyala yosanjikiza popanda dothi, yofika m'chiuno, yotseka mipata ya pakati pa matanthwe akuluakulu, moti wokwera amakakamizika kudzera pa khomo limodzi lopapatiza. Mbali zina inagumuka ndipo mizu ya mikuyu yalowamo. Pamwamba, pathanthwe losalala, pali maenje osaya amene amayi ankaperera mapira. Pansi pa thanthwe lina lopendekeka pali timiyala toimika mozungulira, pamene pankakhala nkhokwe, ndipo pakhoma pake pali mizere ndi timagudumu tofiira, tozimirira, timene anthu amati anajambula Akafula, anthu aafupi amene ankakhala kumeneko makolo athu asanafike. Ng'anjo zili kumunsi, kufupi ndi khwawa. Imodzi idakali chiimire, yooneka ngati chulu chobooka, ndipo pansi ponse pali zidutswa zakuda, zolemera, zotsalira posungunula chitsulo. Madzi pamwambapo palibe. Alamu aja anati amayi ankatsika kukatunga mobisala, ndipo ena sankabwerera.

Kuchokera pamwamba tinkaona mapiri otsatizana mpaka kuzimirira mu utsi wa lupsa. Alamu aja anatilozera kuti awo ndi a ku Nyasaland, awo ndi a kwa Apwitikizi. Kusiyana kwake sindinakuone.

Amalume anayenda m'mbali mwa linga lonse akuligwiragwira. Ndinawafunsa ngati likufanana ndi la Aroma.

"Ayi," anatero. "Aroma anali ndi nthawi. Athuwa ankamanga akuyang'ana kumbuyo."

Tinakhala pathanthwe, tinadya mtedza wotsala, nkutsika. Ulendo umene tinanena kuti tayendera unathera pomwepo.

Tinagonanso usiku umodzi. Amayi aakulu ankatitumizira chakudya koma osawalankhula amalume. Tikumanga mabulangete kuti tizinyamuka, anabwera atavala duku latsopano lija, nkuima patali pang'ono, akuyang'ana njinga osati munthu.

"Ndalira mwana wamoyo chifukwa cha inu," anatero. "Mudzi wonse wamulira. Zimenezo sizichoka ndi sopo. Mpaka pano mtima wanga sukukhulupirira. Mubwere naye ndimuone ndi maso angawa."

"Ndidzamutumiza pa Khirisimasi, alongo."

"Sindinati mutumize. Zotumatuma zanuzo ndinatopa nazo. Mubwere naye inuyo, pakaliyala pomwepo pamene munaika chitenje chake."

"Paja munati phazi langa..."

"Laponda kale, lopanda nzerulo. Ndipo mukadzafika mudzakuwe odi ngati munthu. Chipewacho chidzakhale kumutu."

Amalume anati amva. Anavala chipewa, tinakankha njinga mpaka kumphambano, nkukwera.

Pobwerera njira inali yotsika kwambiri, ndipo kum'mawa mitambo inali itayamba kusonkhana. Pa chitsime choyamba kupitirira Vubwi tinapeza mayi akutsuka mbiya. Anatipatsa madzi, anayang'ana mabulangete, nkutsitsa mawu.

"Kwagwanji?"

"Tatumidwa," anatero amalume. "Tikukatenga mwana ku Katete, amayi ake akumufuna."

Mayiyo anagwedeza mutu, anatidzazira botolo, nkupitiriza kutsuka mbiya yake.